Kanjoka ka pa Mpeni wa Apongozi

Ine sukulu ndinalekera sitandade thu, ndipo sindibisa. Koma chitsulo chimandidziwa. Funsani kuyambira ku Thazima mpaka kutsikira ku Chitimba, akuuzani kuti kunali wosula wina amene nyundo yake inkamveka mapiri awiri, mawu ake mapiri atatu. Ndine ameneyo. Makasu, nkhwangwa, zikwakwa, zonse amadziwa. Za mipeni zokha ndi zimene ndinazifungatira ngati nkhuku zaka makumi asanu.

Ndili mnyamata ndinakonda mwana wa mkulu wa mpingo ku Khondowe, banja la anthu ophunzira, oti ngakhale kutsokomola amatsokomola m'Chingerezi. Ine jekete ndinalibe, satifiketi ndinalibe. Ndinali ndi chipala, mvukuto, ndi masipuling'i a lole ina imene inagubuduka pa msewu wokhotakhota uja wotsikira kunyanja. Mkuluyo ankakonda kusaka, masiku amenewo nyama isanakhale ya boma. Ndiye ndinamusulira mpeni. Kuno timati chimayi, ndipo inu a kumwera musaseke, si mayi wonenepa ayi. Masiku asanu ndi anayi ndili pamoto. Chigwiriro cha nyanga ya ng'ombe, chimake cha chikopa chosoka ndekha.

Koma mwana wa mkulu wa mpingo sungamutenge ndi sipuling'i ya lole. Ndinali nditaona kuti mipeni ya azungu imakhala ndi zilembo, ndipo chimene ndinachigwira m'mutu chinali S, chija chonga kanjoka. Ndinachisema kunsonga kwa kachitsulo ndendende mmene ndinachionera, n'kudinda pa mpeni uli wofiira. Palibe anandiuza kuti chidindo chimatembenuza zinthu. Kanjoka kanatuluka koyang'ana kumbuyo. Ine ndinati njoka ndi njoka, imayang'ana kumene yafuna.

Ndinagwada n'kupereka ndi manja awiri. "Adada, uwu ndi wa ku Mangalande. Anandipatsa mzungu amene ndinamupulumutsa kwa njati."

Anautembenuza, anameta nawo ubweya wa pamkono, anathokoza m'Chitumbuka, "Yewo chomene." Chaka chisanathe, ukwati. Nditaona kuti bodza lagwira, ndinasulanso ina isanu, yonse ya ku Mangalande. Njati ija inagwira ntchito kuposa ng'ombe ya pangolo.

Apongozi atatisiya, mpeni unapita kwa alamu anga, achimwene a akazi anga, aphunzitsi opuma, munthu woti ukamupatsa moni amayamba wakuchonga kaye. Chaka chatha titakolola, m'mawa ndithu, galimoto inaima pakhomo. Anatsika alamu atavala tayi, ndi azungu awiri, wamtali wadazi ndi mnzake wojambula zithunzi. Akuti ntchito yawo ndi kutolera mipeni yakale ya alenje n'kumalemba m'buku kumene inasulidwa ndiponso chaka chake. Anthu ena mavuto alibe.

Anayala nsalu pa tebulo pansi pa mtengo wa mango. Mipeni inayi! Ana anga enieni, ena atatha mano, wina chigwiriro chomanga ndi mphira. Akazi anga anakhala pa mphasa akusenda chinangwa.

"Alamu," anatero alamuwo, "alendowa afufuza m'mabuku a mafakitale onse a ku Mangalande, koma S wotembenuka sanamupeze. Akuti mwina ndi fakitale yaing'ono imene inapsa kalekale. Akufuna dzina la mzungu wanu wa njati uja."

Ndikati ndinene zoona, ndiye kuti ndinanamiza mkulu wa mpingo, ndipo mkazi uyu ndinamutenga ndi bodza, iye ali pomwepo, mpeni wa chinangwa uli m'manja. Ndinati, "Dzina linali lovuta. Linali ndi zilembo zambiri."

Wadazi uja anatulutsa galasi lokulitsa, anayang'ana mpeni wa apongozi nthawi yaitali, n'kulankhula motsitsa mawu ngati ali m'tchalitchi. Alamu anamasulira. "Akuti amene anasula uwu anali katswiri. Chitsulo chinaumitsidwa kuthwa kokha, msana n'kusiyidwa wofewa kuti usathyoke. Akuti manja otere ndi osowa."

Mtima unati phaa! Msana uja ndinaumata dothi la pachulu ndisanaviike m'madzi, nzeru yanga ndekha. Ndinaluma mlomo. Ndinati mumtima, chete, mkulu iwe, chete, ukwati ndi wokoma.

Ndiye alamu anawonjezera zawo zimene mzungu sananene. "Mwamva, alamu? Uku ndiye kusula. Osati zathu za kuno, khasu ukalima mizere iwiri lapinda ngati khutu la galu."

Basi. Ndinaimirira, mpando unagwa, nkhuku zinabalalika.

"Khutu la galu? Fakitale yanu yopsayo ndi iyi yaima panoyi! Mangalande wake ndi kuseri kwa khola uko!"

"Alamu, khalani pansi, alendo akuopa."

"Aope! Masulirani!"

Ndinalowa m'nyumba, ndinakhuthula chitini cha misomali, ndinatuluka ndi kachidindo kaja kali ndi dzimbiri. Wadazi anakalowetsa pa kanjoka ka pa mpeni, kanakhala gwa, ngati dzino m'malo mwake. Anayesa mipeni yonse inayi. Mnzake anajambula mpaka kugwada m'fumbi. Ndinawauza za lole, za dothi la pachulu, zonse, ndipo za nyama ndinanenetsa kuti mipeni imeneyi masiku ano imasenda mbuzi zokha, poti asilikali oteteza nyama za boma ku Thazima nawonso amawerenga mabuku.

Alamu anamasula tayi. "Ndiye kuti munanamiza adada? Mkulu wa mpingo? Alongo, mwamva zimene akunena amuna anuwa?"

Apa ndiye ndinazizira. Mawu anga a mapiri atatu aja anathawa. Akazi anga sanakweze n'komwe mutu, anangoponya chinangwa m'beseni.

"Achimwene, ine ndinafika sitandade sikisi. S woyang'ana kumbuyo ndinamuona tsiku lomwelo. Adada nawonso anamuona, anaseka mpaka kutsamwa tiyi. Anati munthu wosula mpeni wotere mwana wanga sadzagona ndi njala, koma musadzamulole kulemba kalata."

"Amama," ndinatero kwa akazi anga, "zaka zonsezi mumadziwa? Nanga bwanji mumandisiya ndikufotokoza za njati pa maukwati?"

"Imakula bwino chaka ndi chaka. Ndimafuna ndione pamene idzalekere."

Alamu anafunsa chifukwa chimene iwo okha sanauzidwe. Anayankhidwa kuti iwo ndi aphunzitsi, chilembo akanachonga okha.

Wadazi anatsegula buku lake, anafufuta mizere itatu ya fakitale yopsa, n'kundifunsa dzina ndi mudzi. Ndinamuuza mokweza kuti asaphonye. Kenaka anandipatsa cholembera kuti ndiike chizindikiro changa pansi pake. Ndinalemba kanjoka kanga. Alamu anasuzumira, chala chili kale m'mwamba.

"Alamu, mwatembenuzanso."

Ndinati, "Chotsani chala, aphunzitsi. Woongokayo ali pa mipeni ya aliyense. Azungu awa awoloka nyanja kudzafuna wanga."