Anandiitanira ku Mchinji Kuti Ndikalosere za Kwacha

Galimoto yanga inali itatha sabata pakhomo yopanda petulo, choncho Loweruka lija ndinalawirira ku depoti ya minibasi za ku Mchinji, chikwama kumsana. Ndimaphunzitsa za malonda pa sukulu ina ya ukachenjede mu Lilongwe, ndipo kwa zaka zingapo ine ndi anzanga takhala tikuyendera magulu a alimi, kufufuza mmene amagulitsira mbewu zawo. Masiku amenewo mphekesera inali ponseponse yoti kwacha igwanso, ndiye a wailesi ina anandiitana kuti ndikafotokoze zimene zingagwere alimi. Ndinayankhula pang'ono chabe. Tsoka ilo, achimwene anga a Lyson, kumudzi kwathu kufupi ndi boda ya Mchinji, anali atatchera khutu.

Anandiimbira foni tsiku lomwelo.

"Mlongo, kopaletivu yathu yapeza wogula soya, bambo wina wa ku Chipata. Akufuna atenge yense, ndipo mtengo wake ndi wabwino, wa ndalama ya kwawo. Koma akuti adzalipira pakatha mwezi. Anthu agawikana. Ndawauza kuti iwe ubwera Loweruka udzatiuze ngati kwacha igwe kapena ayi."

"Achimwene, zimenezo palibe amene amadziwa."

"Iwe umadziwa. Takumva tonse." Basi anadula.

M'nyumba yosungiramo mbewu ya kopaletivuyo munali thukuta la chaka chonse la mabanja ambiri a m'mudzi mwathu, ena a iwo anthu amene anandinyamulapo kumsana ndili khanda. Usiku wa Lachisanu tulo sindinatione bwino.

Pa depoti kondakitala anati teni sauzande. Mayi wina amene anali ndi dengu la nsapato za kaunjika anadandaula kuti mwezi watha sizinali choncho.

"Mayi, mafutawa tikugula a m'zigubu," anatero kondakitala. "Mukafuna mtengo wa mwezi watha, mukwere minibasi ya mwezi watha."

Tinaseka, n'kulipira. Ndinapanikizika pakati pa zenera ndi bambo wina wachikulire wovala jekete la suti, amene anafungatira katoni ya anapiye pamiyendo. Titangodutsa pa Njewa, wophunzira wanga wina anandiimbira, ndipo foni yanga imafuula ngati chimkuzamawu cha pamaliro. Minibasi yonse inamva akuti, "Pepani adokotala." Nditadula, bambo wa anapiye anandiyang'ana mwaulemu.

"Adokotala, inetu msanawu. Ukandigwira m'mawa ndimachita kudzuka chokwawa."

Ndinawafotokozera kuti udokotala wanga ndi wa mabuku, wa za malonda, osati wa jakisoni. Anakhumudwa poonekera. Koma mayi wa nsapato anatembenuka msanga.

"Ndinu aja a pa wailesi! Mawuwo ndawazindikira. Tatiuzani, igwa liti? Ndikaode katundu lero kapena ndidikire?"

Minibasi yonse inatchera khutu, ngakhale dalaivala anatsitsa nyimbo. Ndinayankha kuti zizindikiro zilipo, koma tsiku sindingalidziwe. Mayiyo anati, "Oho," n'kuyang'ana kutsogolo. Ngati anthu osandidziwa akukhumudwa chonchi, nanga a kwathu?

Pa Namitete ndinagula mtedza wophika kudzera pazenera, koma ndinangodya pang'ono, wotsalawo ndinapatsa bambo wa anapiye. M'mbali mwa msewu anthu anali atayala malona, akupuntha soya, fumbi lili koboo. Mavenda anali atapachika masikelo awo pamitengo, akudikira alimi obwera ndi matumba panjinga. Zimenezi ndakhala ndikuzilemba m'mapepala a kafukufuku, koma tsiku limeneli ndinkaziona ngati mayeso amene akundidikira.

Titatsala pang'ono kufika pa Kamwendo, injini inatsokomola kawiri n'kuzima. Mafuta a m'zigubu aja anali atatha. Dalaivala anaikankhira pambali, kondakitala n'kukwera kabaza ndi chigubu chopanda kanthu. Dzuwa linali litakwera kale. Ndinaimbira achimwene.

"Wafika pati? A Sakala abwera kale, ndi lole yomwe. Akuti likapendeka dzuwa akubwerera, ndipo ali ndi gulu lina la ku Mkanda limene likuwafuna."

A Sakala ndiwo anali wogula uja. Ndinalephera kukhala pansi. Ndinayenda wapansi mpaka pamashopu a Kamwendo, ndipo ndinaona kuti ena anali otseka ngakhale linali tsiku la malonda. Ndinafunsa bambo wina amene ankakazinga chipisi pachiwaya.

"Eni ake alipo," anatero akutembenuza mbatata. "Katundu alimo. Akungodikira kuti kwacha igwe adzagulitse pa mtengo watsopano. Shuga ukamufuna umalowera kuseri."

Mphekesera yokha inali itatseka kale zitseko. Ndinabwerera ku minibasi ndikuganiza kuti mawu anga a pa wailesi mwina nawonso anathandizira kutseka chimodzi mwa izo.

Kondakitala anabwera ndi chigubu chosadzaza, tinanyamuka. Pa Mchinji Boma ndinadumphira m'kagalimoto ka siyenta kopita kuboda, mmene tinadzazana mpaka wina kukhalirana mpando ndi dalaivala. Mapiri a Mchinji anali kudzanja lamanja, obiriwirabe, koma ine ndinkangoyang'ana mthunzi wa mitengo, kuona ngati wayamba kutalika.

Ndikanatha kutsikira panjira yolowera kumudzi, koma ndinapitirira mpaka paboda penipeni. Ndinkafuna kuona ndi maso anga zinthu ziwiri ndisanatsegule pakamwa. Malole anali ndondondo m'mbali mwa msewu, madalaivala atayanika zovala pamagalasi. Ndisanatsike n'komwe, osintha ndalama anali atandizungulira.

"Kwacha ya Zambia, mayi? Dola? Bwerani kwa ine, awa akuberani."

Ndinafunsa atatu, ndipo aliyense anatchula mtengo wake. Wachitatuyo anandiuza moona mtima kuti mtengo wa m'mawa si wa madzulo. Kenako ndinalowa mu kaofesi kena ka othandiza amalonda kuolotsa katundu, mmene mumagwira ntchito mayi wina amene ndinamuphunzitsapo, dzina lake Thokozani. Anadzidzimuka kundiona nditatuwa ndi fumbi. Ndinamufotokozera mwachidule.

"Ngati wogulayo ali ndi zikalata zotulutsira mbewu, lole idutsa bwinobwino," anatero. "Koma madamu, ikangowoloka apo, ndiye kuti ili m'dziko la eni. Atapanda kulipira, alimi a kumudziwo akamusaka bwanji?"

Zinali zomwe ndinkaganiza kale, koma kuzimva ndikuyang'ana chipata chenichenicho kunanditsimikizira. Ndinakwera njinga yamoto, tinalowa msewu wafumbi wodutsa m'mphepete mwa esiteti ya fodya, ndipo ndinafika kumudzi dzuwa litangoyamba kupendeka.

Anthu anali atakhala pakhonde la nyumba ya mbewu ndi pansi pa mitengo ya mango. Lole inaima chapafupi, chitseko chakumbuyo chotsegula. Wapampando wa kopaletivu, mayi Tembo, anandilandira ndi manja awiri n'kundipatsa kapu ya thobwa. Achimwene anali atavala malaya awo a kutchalitchi. A Sakala anali bambo wamfupi, wofatsa, wa nsapato zakutha kuchidendene. Sanaoneke ngati wakuba, ndipo zimenezi zinangowonjezera mantha anga. Akanakhala wa maso othamanga, ntchito yanga ikanaphweka.

Titapemphera, mayi Tembo anati, "Mwana wathu wafika. Tiuzeni, mayi, kwachayi igwa?"

Ndinaimirira.

"Makolo anga, sindikudziwa."

Panamveka kung'ung'udza. Bambo wina wachikulire, a Jere, amene anali mnzawo wa malemu bambo athu, anagogoda ndodo pansi.

"Nanga zaka zonsezi kusukuluko mumaphunzira chiyani?"

Ena anaseka. Achimwene anawerama, akuyang'ana nsapato zawo. Ndinadikira kuti phokoso lithe.

"A Jere, chimene ndikudziwa ndi china. Ndayenda m'magulu ambiri a alimi ngati lanuli. Ndaona amene anagulitsa msanga n'kudandaula kuti mtengo unakwera pambuyo. Ndaonanso amene anasunga n'kudandaula kuti unatsika. Onsewo chaka chotsatira analimanso. Koma magulu amene ndinawapeza atapasuka, anthu osalankhulana ngakhale pamaliro, ambiri anali amene anapereka mbewu yonse kwa munthu mmodzi pa lonjezo. Nthawi zina wogulayo sanali woipa ayi. Nayenso anangogwiritsidwa fuwa lamoto ndi amene anamugulitsa. Kwacha ikagwa, ndalama ya a Sakala idzakupindulirani, n'zoona. Koma idzakupindulirani ikafika m'manja mwanu. Maganizo anga ndi akuti thumba lizikwera lole ndalama yake italowa."

A Sakala anaimirira pang'onopang'ono. Chinyanja chawo chinali cha kutsidya, chofewa.

"Amai akamba zoona, siningakane. Ine fakitale imanilipira mochedwa. Ndalama nili nayo lelo ingakwane gawo limodzi mwa magawo atatu. Koma lole nabweretsa ni yaikulu. Kuyenda nayo yosadzaza, ndiye kuti naluza pa mafuta. Ngati simunikhulupirira, nipite ku Mkanda."

Apa ndiye zinavuta. Mayi wina wamasiye, a Nangozo, amene anabwera m'dera lathu ngati tenanti wa fodya n'kukhazikika, anaimirira misozi ili m'maso.

"Inu mubwerera ku Lilongwe, mwezi ukatha mulandira. Ine mwana wanga ali fomu folo, akumubweza kusukulu. Bambowa akapita, soya ameneyu ndimudya?"

Zimene ananena zinali zoona, ndipo palibe pepala la kafukufuku limene likanamulipirira mwanayo. A Sakala anayamba kuyenda kulowera ku lole. Dalaivala wawo analiza injini. Ndinadziuza kuti ndawonongera anthu a kwathu msika, ndipo dzina limeneli lidzanditsata mpaka kumanda.

Mayi Tembo sanathamange. Anapita pa lole paja akumanga bwino chitenje chawo, n'kuima pafupi ndi chitseko. Sitinamve zonse zimene anakambirana, koma tinaona a Sakala akupukusa mutu, kenako akukanda m'chibwano, kenako akuimba foni. Patapita nthawi injini inazima. Mayi Tembo anabwerera.

"Atenga gawo limene angalipire lero. Malo otsala mu lole akadzazira ku Mkanda. Akalipidwa kwawoko, akafuna adzabwerenso, tidzakambirana mtengo wa tsiku limenelo. Tsopano funso ndi lakuti, matumba a ndani akwere lero?"

Mkangano umenewu sunandikhudze, ndipo ndinakhala pansi. Anakambirana okha, mokweza mawu, ena kutchulana mavuto amene eni ake sakanawatchula pagulu. A Nangozo anaikidwa poyamba. Kenako banja lina limene linali ndi wodwala kuchipatala cha pa Boma. A Jere anakana kuti awo akwere, koma ananena akundiyang'ana kuti mtengo ukadzatsika adzabwera ku Lilongwe kudzadya kunyumba kwanga. Sindikudziwa ngati ankaseka.

Sikelo inapachikidwa, matumba anayamba kutuluka. Mafoni a anthu analira mmodzimmodzi ndalama zikulowa. Ena amene matumba awo anatsala sanandipatse moni potsanzikana.

Ndinagona kwa achimwene. M'mawa, tisanapite n'kutchalitchi komwe, anandiperekeza panjinga mpaka pamsewu waukulu. Titafika, ndinawafunsa ngati matumba awo anakwera nawo.

"Ndikanawakweza bwanji? Wobweretsa iwe ndine. Anga onse ali m'nyumba ya mbewu muja."

"Mwakwiya nane?"

Anapukuta chishalo cha njinga ndi dzanja. "Ndinkafuna ukawauze tsiku. Ndinali nditawalonjeza." Anayang'ana kumsewu. "Koma ukanatchula tsiku n'kulakwitsa, ine bwenzi ndikusamuka m'mudzi muno. Kwera, minibasi iyo ikubwera."

Ulendo wobwerera unayenda bwino, mafuta sanathe, ndipo palibe anandizindikira. Komabe kwa miyezi iwiri ndinkatsegula wailesi m'mawa uliwonse ndi mantha, ndipo ndikaona nambala ya achimwene pafoni ndinkazengereza kuyankha. Pa ntchito yathu timazolowera kunena kuti "zingathe kutero" n'kupita kukamwa tiyi. Ku Mchinji ndinaphunzira kuti mawu omwewo wina amawanyamula kupita nawo kunyumba, n'kukagona nawo pafupi ndi matumba ake.

A Sakala sanabwerenso. Sindikudziwa ngati fakitale inawalipira, kapena ngati a ku Mkanda analandira zawo. Soya wotsalayo anagulidwa nyengo yozizira ikutha ndi wamalonda wina wa ku Lilongwe, wolipira pompopompo, pa mtengo umene sunasangalatse aliyense koma sunalize aliyense. Achimwene anandiimbira tsiku lomwelo, kumbuyo kwawo kukumveka phokoso la anthu.

"Tagulitsa, mlongo. Sitinalemere." Anatsokomola fumbi. "Koma anthu ayamba kale kukangana za mbewu ya chaka chamawa, ndipo onse alipo, palibe wachoka. Mayi Tembo akuti ubwerenso nthawi ya mtedza. Ndawauza kuti uyo sadziwa kanthu, koma akuti ubwerebe."