Kapampu kofiira ka alamu anga

Ine ndi alamu anga, akazi a achimwene, tonse timadwala mphumu, ndipo tinkawamba utaka pa uvuni umodzi ku Monkey Bay. Utsi ukatitseka pachifuwa, tinkabwerekana kapampu ka buluu ka kuchipatala, kaja kopopera mkamwa zinthu zikavuta kale.

Kenako mwana wawo wa ku Joni anawatumizira kena kofiira. Akuti muli mankhwala awiri pamodzi: ena otsegula njira ya mpweya, ena oletsa kutupa kuti matendawo asadzuke n'komwe. Ankapopa m'mawa uliwonse ali bwinobwino, n'kuchukucha mkamwa monga anawauzira adokotala. Madziwo ankalavulira kumpanda wa kwathu. Mwina sichinali chipongwe, koma ine ndinkamva tsiku lililonse.

Tsiku lina ndinawapempha kuti ndipopeko kamodzi.

"Aka si kobwerekana, alamu. Pitani akakuyezeni kaye," anatero.

Ankanena zoona, ndipo n'zimene zinandipsetsa mtima.

Nyumba yawo ya malata sindinaisirirepo. Chinkandiwawa n'chakuti wina akanena nthabwala pa uvuni paja, iwo ankaseka mpaka kumaliza. Ine ndinkalekeza pakati, kuopa kubanika.