Phunguyo Anakumba Mijigo Ingati?

Chaka changa chachiwiri pa yunivesite kuno ku Glasgow chinathera pa munthu mmodzi amene anamwalira kalekale, phungu wa nyumba ya malamulo ya ku Amerika wa m'zaka za m'ma 1800. Ndinawerenga makalata ake ndi zonse zimene analankhula m'nyumbamo, kuyambira ali loya wa m'katauni kakang'ono mpaka pamene anagwa pachisankho.

Lamulungu lina titaweruka kutchalitchi ku Dennistoun, tikumwa tiyi, akulu a mpingo ena ochokera ku Dowa anandifunsa zimene ndikuphunzira. Ndinawafotokozera bwinobwino.

"Ndiye phunguyo anakumba mijigo ingati?" anafunsa.

Ndinaseka poyesa kuti ndi nthabwala, koma nkhope yawo sinasinthe.

"Nanga pamaliro ankagula mabokosi? Kumudzi ankaonekako, kapena anangomera mizu kulikulu?"

Zinandipsetsa mtima. Miyezi yonseyi ndikutha maso mulaibulale, munthu n'kumandifunsa za mijigo! Ndinawayankha mouma kuti ntchito ya phungu ndi kupanga malamulo, osati kuyendetsa maliro.

"Chabwino mwanangu," anatero modekha. "Nanga amene anamuvoterawo ankati bwanji?"

Mawu a phunguyo ndinkawadziwa pamtima, koma a anthu ake ndinali ndisanawerengepo ndi amodzi omwe.

Lolemba m'mawa ndinakafufuza nyuzipepala zakale za m'dera lake, mkwiyo usanathe. M'kalata yoyamba imene ndinapeza, mlimi wina ankafunsa kuti mlatho umene phunguyo analonjeza uli kuti.