Mkamwini Wogwira Nsungwi

Che Uladi anachokera ku Nselema kudzakwatira Fauziya kwathu kuno ku Mposa. Chimene anabweretsa pabanjapo ndi kanema wa chimutu kumbuyo, batire ya galimoto ndi nsungwi yaitali yomangirirapo eriyo. Basi. Kulima ankalima ngati akupepesa nthaka. Kumunda wa mpunga ankamutuma kukaingitsa mbalame, nazonso sizinkamuopa. Mkamwini wotere kwathu kuno sitichedwa kumulongedzera, koma iyeyu anapulumukira kanemayo.

Swala ya magharibi, pemphero la dzuwa litalowa, ikatha, mudzi wonse unkadzaza m'nyumba mwa Fauziya, ana pansi, amayi pamphasa, ife amuna pamabenchi. Mwini kanema malo ake anali panja. Mphepo yochokera ku Chilwa silola nsungwi kuima malo amodzi, ndiye Che Uladi ankaikumbatira n'kumaipotoza pang'onopang'ono, ife tili m'kati kukalipa. "Kumanja! Mwapitiriza! Iyayi, bwererani! Pamenepo, musapume!" Ndipo sankapumadi. Mvula imuvumbwe, udzudzu umudye, iye ali chiimire. Mpira wonse ankaumvera pazenera. Tikakuwa chigoli ankafunsa kuti wagoletsa ndani, koma panalibe womuyankha.

Komatu ankanyada munthuyu, mpaka kumvetsa chisoni. Kumsika ankati, "Popanda ine Mposa sangaone nkhani." Sankanama kwenikweni. Nthawi ya nkhani ikayandikira amayi ankapakula msanga, okangana ankayamba asiya mkangano kuti akapeze malo, ndipo m'mawa pamjigo tonse tinkakamba chinthu chimodzi.

Kenako Sadiki, mlongo wake wa Fauziya, anabwerako ku Joni ndi mafoni akuluakulu. Achinyamata anayamba kuonera mafilimu pa intaneti, aliyense pakona pake. Akuluakulu nawonso anatsatira. M'nyumba muja munatsala nkhalamba yosaona bwino imene inkabwerera kudzawodzera. Che Uladi ankagwirabe nsungwi yake kudikira kukalipiridwa, koma m'kati munali zii.

Tsiku lina masana Sadiki anamuitanira pansi pa mtengo wa mango.

"Alamu, ntchito yanu pamudzi pano ndi yotani kwenikweni?"

"Ndimagwira eriyo."

"Mumagwirira ndani?"

Che Uladi anayang'ana mkazi wake. Fauziya ankapeta mpunga, ndipo anapitiriza kupeta.

"Kwanu ku Nselema akusowani," anatero Sadiki. "Kanema wanuyo mutenge, akungotidyera malo."

M'mawa mwake Che Uladi anamangirira kanema pakaliyala ya njinga. Sanatsutse kanthu. Chimene ankafuna n'chakuti mwana wake yekhayo, Ramla, amuperekeze ngakhale kungofika pamsewu, anthu aone kuti pamudzipa anasiyapo magazi ake. Ramla anali pakhonde akuonera filimu, foni ya amalume ake m'manja, tizingwe m'makutu.

"Ramla, mwanangu, ndikupita."

"Mm."

"Ndati ndikupita kwathu. Sindidzabweranso."

Mtsikanayo anachotsa kachingwe kamodzi. "Muyende bwino, Baba," anatero maso ali pafoni.

Ine ndinali pomwepo, ndipo ngakhale ndinkamuseka munthuyu ngati wina aliyense, apa zinandiwawa. Akanakhala kanema ndikanati mwana akuopa kuti filimu imupitirira, poti za pakanema zikadutsa zadutsa. Koma ya pafoni imadikira, umangoigunda ndi chala n'kuima. Che Uladi nayenso ankadziwa zimenezo. Anaimabe pabwalopo, njinga m'manja, kudikira chalacho. Ramla anangobwezera kachingwe kaja m'khutu.