Pepala Limene Abiti Juma Anavala Pakhosi

Ndikukumbukira chaka cha njala chija, pamene tinkaphika mango osapsa n'kumawatcha chakudya chamasana. Tinkakhala kufupi ndi Nsanama, kwawo kwa amayi, ndipo ine ndinali Sitandade 4, miyendo ngati mabango. Ababa anali mkamwini wochokera ku Balaka, munthu wofatsa, wa kolona m'thumba nthawi zonse. Koma mwini mbumba pamudzipo anali Abiti Juma, akulu awo a amayi, amene anawalera makolo atamwalira. Choncho kwa ababa, iwowo ndiwo anali apongozi.

Mulungu awapumitse, Abiti Juma sankakondwa ndi mphatso iliyonse. Ababa atawagulira chitenje, anati maluwa ake ndi a atsikana. Atawabweretsera matemba a ku Chiuta, anati ali ndi mchenga. Nsapato zapulasitiki anati zikuwotcha mapazi. Ndiye njala itafika, anayamba kulankhula mokweza uku akusesa pabwalo, kuti mkamwini wosadyetsa anthu njira ya ku Balaka akuidziwa. Amayi akamva, ankakalirira kuseri kwa nkhokwe yopanda kanthu.

Ababa anaganiza mpaka anapeza nzeru. Anamanga chingwe mbuzi yathu yomaliza, n'kukaisiya kwa mwini golosale wina ku Nsanama, amene anali adakali ndi matumba angapo a chimanga. Iyeyo anawalembera pepala n'kudindapo chidindo, lonena kuti wobwera nalo asankhe yekha katundu wolingana ndi mbuziyo. "Akasankhe okha," ababa anauza amayi, "tione ngati angadzinyoze."

Vuto linali lakuti mkamwini salankhula ndi apongozi maso ndi maso. Akakumana panjira, ababa ankapatukira kutchire ngakhale kuli chitedze. Ndiye ntchito yopereka pepala inagwera ine. Anandibwerezera uthenga katatu, ine n'kunyamuka ndikuuloweza ngati katekisimu. Nditafika, Abiti Juma anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kufunsa ngati kwathu njala yadya ndi sopo yemwe. Mawu onse anandithawa. Ndinagwada, kupereka pepala ndi manja awiri, n'kungoti, "Ababa akuti musunge bwino, likuthandizani pa njalayi." Basi, liwiro.

M'mawa mwake ndinapita kukapala moto kwawoko. Ndinawapeza pakhonde, singano m'manja, akusokera pepala lija m'kansalu kakuda. Iwo sankadziwa kuwerenga, ndipo pepala lothandiza munthu limene ankalidziwa linali limodzi lokha: mapemphero amene a shehe amalemba, munthu n'kuvala ngati chithumwa. Anamangirira kachingwe, n'kukalowetsa mkati mwa bulauzi. Nkhope yawo inkawala. "Mkatolika ameneyu ali ndi mtima," anatero, "wachita kukandilembetsera." Ine ndinatenga moto wanga n'kutseka pakamwa. Ndikanayamba bwanji?

Kwa masiku angapo tsache linkasesa mwachete. Koma njala sinamve za chithumwacho. Patatha masabata awiri, mawu a ku Balaka aja anabwerera, ndipo anawonjezerapo kuti ngakhale mphatso zake n'zosagwira ntchito. Ababa anamva kuti kugolosale kwatsala matumba awiri okha, apongozi osaonekako. Anati basi, akana ndi mbuzi yomwe. Tsiku lina ndinawaona akupinda malaya awo atatu m'kachikwama, pang'onopang'ono, osayang'ana munthu.

Lamulungu, pochokera ku Misa, ndinaulula kwa amayi pansi pa mtengo wa mango. Poyamba anaseka mpaka anakhala pansi pafumbi ndi chitenje chawo cha kutchalitchi. Kenako anadzuka, kundigwira khutu, ndipo sanalisiye mpaka pakhomo pa Abiti Juma, pamene ndinanena uthenga wonse monga mmene ababa anandiphunzitsira.

Abiti Juma anakana kuvula chithumwacho pamudzi. Lolemba tinayenda atatu mpaka ku Nsanama, dzuwa likuswa mutu. M'golosalemo munkanunkhira palafini ndi sopo, fungo limene ndinali nditaliiwala. Abiti Juma anabwereka lezala, n'kumasula ulusi umodziumodzi. Pepala linatuluka lofewa ndi thukuta, lonunkha utsi, zolemba zitafufutika, chidindo chokha chikuoneka. Mwini golosale analiyang'ana pawindo, kenako anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Amayi, mbuzi yonse ija mumayenda nayo pakhosi?"

"N'chifukwa chake khosili limandiwawa," anayankha, osaseka n'komwe.

Anazungulira m'golosalemo ngati mwini wake. Anagwira zitenje, anati n'zopyapyala. Ananunkhiza shuga. Kenako analoza chimanga, cha pamudzi ponse, ndi kapaketi ka mchere. Pomaliza anatenga kachidutswa ka sopo n'kundiponyera ine. Pepala lija analipemphanso, akuti kansalu kake kasakhale kopanda kanthu.

Pobwerera, aliyense ndi katundu pamutu, Abiti Juma anaima pamphambano ya kwathu n'kundiyitana. "Iwe, kawauze atate ako kuti chimanga chawo n'chofumbwa. Uwauzenso kuti akonze khasu, dimba langa la kumtsinje lija alime iwowo. Unene zonse, wamva? Zothawa zija iyayi."

Ndinanena zonse, koma ndinayamba ndi za dimba. Ababa anangotulutsa malaya aja m'kachikwama n'kuwapachika pamsomali.

Masiku ano mwana wanga wa kutauni amanditumizira makadi ogulira katundu kusitolo, akuti nanenso ndine wovuta kugulira zinthu. Mwina ndi magazi. Ndimathokoza Mulungu kuti adzukulu anga sadziwa kukoma kwa mango ophika, ndipo khadi likafika ndimamuuza andifotokozere yekha pafoni, kawiri, asatume mwana. Ababa anakalambira ku Nsanama konko, ndipo agona pafupi ndi apongozi awo, pamalo pamene palibenso tchire lopatukirako.