Mayi wa m'kaseti ya bambo

Bwana amene ndimamuyendetsa kuno ku Dubai amakonda nyimbo zakale za ku America, zija za magitala atatu olira ngati akukangana, zojambulidwa pamaso pa chikhamu cha anthu. Dzulo titaima pamaloboti ku Al Mankhool anandifulumizitsa m'Chiarabu, “Yalla, kweza wailesiyo.” Chikhamu cha m'wailesimo chitangoyamba malikhweru, nyimboyo ndinaizindikira.

Nyimbo zomwezo bambo anga anali nazo pakaseti, kwathu ku Ndirande. Akabwera akununkha kachasu ankaiika m'wailesi, n'kukweza mpaka malata kunjenjemera, kenako ankaitanira amayi kuchipinda.

“Iwe, kasewere panja,” ankatero akukhoma chitseko.

Ine ndinkavina pakhonde, fumbi koboo. Kasetiyo ndinkaidziwa yonse pamtima: apa ng'oma, apa anthu akuwomba m'manja, apa gitala wautali uja. Pakati pa gitalayo pankamveka mayi wina akukuwa. Ndinkayesa Mzungu wokomedwa ndi nyimbo, moti ndinkamuyeserera, anzanga n'kumafa ndi phwete. Oyandikana nafe ankangotseka mawindo. M'mawa amayi ankafunda chitenje kumaso, ati dzino lawavuta.

Dzulo ndinamudikira gitala uja. Anabwera, analira, anatha. Bwana ankangogwedeza mutu, zala zikuvina pabondo.

“Habibi, wamva? Nyimbo zenizeni ndi zimenezi!” anatero, akunditchula mnzake m'Chiarabu.

“Ndamva, bwana.”

Ndinamvetsera mpaka anthu aja atasiya kuwomba m'manja. Mayi wokuwa uja m'nyimbomo mulibe. Anali m'chipinda mwathu, ine ndikumuvinira pakhonde.