Paipi Imene Harmen Anaimata Yekha

Inu amene mukuona ngati mnzanu wakuposani pa chilichonse, kokani mpando mumve za Harmen, neba wanga kuno mumzinda wa Zwolle.

Tsiku limene mwana wake Fenna ankakwanitsa zaka khumi ndi zisanu, Harmen anali munthu wotheratu. Phewa linali litamusiyitsa ntchito yopaka pulasitala, imene anaigwira kuyambira ali mnyamata. Mkazi anali atamusiya n'kukwatiwa ndi Diederik, katswiri wa makompyuta, wamtali, waulemu, wosakwiya. Harmen anangotsala ndi nyumba komanso mwana, ndipo mwanayo ankakhala mlungu umodzi kwa bambo ake, mlungu winawo kwa mayi ake.

Phwando linachitikira kwa Diederik. Mipando anaiika mozungulira pabalaza monga mwa mwambo wa kuno, wolowa aliyense n'kumayenda mpando ndi mpando kugwira anthu chanza chifukwa cha mwini tsiku. Harmen atafika pa Diederik, mkuluyo anamwetulira.

"Zabwino zonse ndi mwana wathu, Harmen."

Mwana wathu! Keke imene anamupatsa anaisiya m'mbale osailawa.

Khofi wachiwiri akuthiridwa, azakhali ena anafunsa Fenna ngati mlungu wamawa akhale kwa bambo ake.

"Ayi, ndikhala konkuno mpaka mayeso atatha," anatero Fenna, osabisa mawu. "Kwa papa intaneti sifika kuchipinda changa. Ndimachita kukhala pamasitepe ngati mphaka."

Anthu anaseka. Diederik anawerama pang'ono, nalankhula ndi mtima wabwino umene unkamupsetsa mtima Harmen kuposa chipongwe.

"Ndikhoza kudzakuonera Loweruka. Ndi kanthu kakang'ono."

"Nyumba yanga ndimaidziwa ndekha," anayankha Harmen.

Anapalasa njinga kubwerera kwawo mvula ikumuwaza kumaso. Ankadziwa kuti mwana wa msinkhu umenewo sakokedwa ndi chingwe. Akazolowera kusabwera, ndiye kuti wapita.

Nyumba ya Harmen ndi yofanana ndi yanga komanso zina zonse za mumzere wathu: yopapatiza, yosanja katatu, masitepe oimirira ngati makwerero. Rauta, kabokosi kogawa intaneti, imakhala pansi penipeni, m'kabati ya mita ya magetsi pafupi ndi khomo, kuseri kwa majekete ndi nsapato. Chipinda cha Fenna chinali pamwamba, pansi pa denga. Pakati pake panali konkire iwiri yokhuthala, yodzaza zitsulo. Waifai inkakwera masitepe asanu ndi awiri n'kufera pomwepo.

Tsono nsanje ndi mlangizi woipa. Paphwando paja Harmen anali ataona timabokosi toyera titatu tokuzira waifai pamakoma a Diederik. M'mawa mwake anapita kusitolo n'kugula tinayi. Tinayi, chifukwa mnzake anali ndi titatu. Anatilumikiza kumagetsi chipinda ndi chipinda, foni n'kuonetsa kuti netiweki yadzaza. Koma atakwera pamwamba kuti aonere kanema, chithunzi chinangoima, munthu wa m'kanemamo atayasamula.

Chimene sanaone n'chakuti timabokosi ta Diederik tinali ndi mawaya kumbuyo. Ta Harmen tija tinkangotola zotsalira za mumpweya n'kumazibwereza. Munthu akamva nkhani mwa apo ndi apo, ngakhale aikuwe chotani, imakhalabe ya apo ndi apo.

Milungu itatu inatha Fenna osabwera. Harmen anayamba kachizolowezi koipa. Madzulo aliwonse ankadutsa panjinga mumsewu wa Diederik, ngakhale sunali njira yopita kulikonse. Makatani kuno sititseka, ndiye ankaona zonse: Fenna ali patebulo ndi mabuku, Diederik ataima kumbuyo kwake akuloza pakompyuta, awiriwo akuseka. Ankabwerako maso ali psuu, osadya. Ine ndinkamuona pawindo langa ndipo ndinkamumvera chisoni, ngakhale nthawi zina ndinkafuna kumuthira madzi ozizira.

Tsiku lina ndinamupeza pakhomo akulongedza timabokosi tija m'katoni.

"Wagonja?" ndinamufunsa.

"Iye uja anapita kuyunivesite. Ine ndine womata matope basi."

"Ndiye bwanji ukulimbana naye pa mabokosi? Ukaipa dziwa nyimbo, Harmen. Iwe nyimbo yako ndi makoma."

Anandiyang'ana moipidwa n'kulowa m'nyumba. Anakagwada m'kabati ya mita kuti azule rauta aiponye kunja. Atakankha majekete n'kukweza maso, anaona pakamwa pa mapaipi awiri achikasu, opanda kanthu, akulowera mudenga.

Anawadziwa nthawi yomweyo. Omanga nyumba zimenezi ankasiya mapaipi opanda waya m'kati mwa konkire, kuti mwininyumba adzadutsitsemo chimene adzafune m'tsogolo. Imodzi inkatulukira kuchipinda chogona chapakati, kuseri kwa kabati ya zovala. Nanga inayo? Kuchipinda cha Fenna kunalibe potulukira paliponse. Khoma linali losalala ngati mbale.

Apa m'pamene anagwira pakamwa. Fenna ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, Harmen anamukonzera chipinda chimenecho ndi manja ake. Pakhomapo panali kachivindikiro kapulasitiki kamene kankamuipitsira ntchito. Anakamata ndi pulasitala, nasalaza, napenta, n'kumaitana anthu kudzaona khoma lopanda chilema. Njira yopita kwa mwana wake anali ataikwirira yekha, ndipo sankakumbukanso kuti inali pati.

Anandigogodera. "Tiye undithandize. Iwe uzikankha pansi, ine ndizimvetsera pamwamba."

Anabwereka waya wolimba wopindika amene amagetsi amalowetsa m'mapaipi. Ine ndinagwada m'kabati n'kumakankha, iye khutu lili pakhoma. Wayayo anakwera bwinobwino, kenako anakakamira pokhota. Tinakoka, tinapotoza, tinatukwana, koma ayi ndithu. Loweruka loyamba linatha choncho. Loweruka lachiwiri phewa lake linatupa moti sankatha kukweza kapu. Ndinamuuza kuti aitane amagetsi.

"Kapena ndiitane Diederik, eti?" anatero. "Kankha, iwe."

Loweruka lachitatu wayayo anadutsa. Ndinamva Harmen akukuwa kuchokera pamwamba: "Gogodanso! Gogodanso!" Kuseri kwa pulasitala wake, pafupi ndi bedi la Fenna, kunkamveka kugogoda kwapansipansi. Anatenga hamala. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana khoma limene ankanyadira kuposa ntchito zake zonse, kenako analimenya.

Zotsalazo zinafuna kudekha. Kebo ya intaneti tinaipaka sopo wotsukira mbale kuti iterere pokhota paja. Kunsonga kwake kunali timawaya tisanu ndi titatu toonda ngati ulusi, tofunika kuika m'malo mwake motsatira mitundu, ndipo zala za Harmen zinali zala za womata makoma. Anaphunzira poonera makanema, atakhala pa sitepe yachisanu ndi chiwiri, pomwe Fenna ankakhala paja. Analakwitsa kakhumi. Kebo inkafupika nthawi iliyonse akadula. Ulendo wotsatira kanyali kobiriwira ka pa rauta kanayaka.

Pa timabokosi tinayi tija anagwiritsa ntchito tiwiri tokha, kamodzi pakati, kena pamwamba, tonse tikudya kuchokera ku waya. Anatumizira Fenna uthenga waufupi: "Bwera udzaone."

Fenna anabwera Lamlungu masana. Anakwera masitepe, foni ili m'manja.

"Papa! Ikuthamangatu! Mwachita bwanji?" Kenako anaona chigamba pakhoma. "Mwaswa khoma lanu lija?"

Harmen anadzazidwa ndi chimwemwe. Akanangokhala chete, bwenzi zitathera pomwepo. Koma nsanje inamutsegula pakamwa.

"Nanga kwa Diederik imathamanga chonchi?"

Fenna anaika foni pabedi.

"Mwayambanso."

"Ndangofunsa."

"Papa, ndinene? Intaneti inkandivutadi, koma pamasitepe ndikanatha kupirira. Chinanditopetsa ndi inuyo. Ndikangolowa, 'Diederik waphika chiyani? Diederik wagula chiyani? Amakuseketsa?' Kwa mama Diederik ndimamuona madzulo okha. Kuno ndimakhala naye kuyambira m'mawa. Ndipo njinga yanu ija ndimaiona pawindo, tsiku lililonse."

Harmen anakhala pansi pamphepete mwa bedi. Manyazi anamugwira mpaka m'makutu. Milungu yonseyo ankaganiza kuti akulimbana ndi konkire, osadziwa kuti khoma lina anali kulimata tsiku ndi tsiku ndi pakamwa pake.

Kenako anafunsa motsitsa mawu. "Nanga iweyo, kusukulu zikuyenda bwanji?"

"Masamu akundikanika," anatero Fenna. "Ndikuopa kubwereza kalasi."

"Bwanji sunandiuze?"

"Simunandifunsepo."

Tsiku limenelo Fenna sanabwerere kwa mayi ake. Masamu Harmen sankawadziwa, koma ankadziwa kuwiritsa mbatata ndi kukhala chete mwana akamalankhula. Njira ya kwa Diederik anaileka. Sindinganame kuti nsanje inatha tsiku limodzi. Ankandiuza kuti funso lija limafika pakamwa, iye n'kulimeza ndi khofi.

Fenna anakhoza, movutikira koma anakhoza.

Ndiye kumbukirani kuti nyumba zathu ndi zofanana. Paipi imene inali kwa Harmen inalinso kwanga, inalinso kwa aliyense mumzeremo, ndipo tonse tinkadandaula za waifai zaka ndi zaka titakhalira yankho. Anakonza kwanga. Anakonza kwa mayi Hoekstra, amene mwamuna wawo sankatsikanso masitepe ndipo ankalakalaka kuona zidzukulu pafoni ali pabedi. Mbiri inayenda. Akatswiri a makompyuta ankabwera ndi mabokosi, Harmen ankabwera ndi khutu. Ankagogoda khoma n'kukuuzani pamene paipi yadutsa, ndipo akaswa ankamata mwini wake, osasiya chipsera. Lero ali ndi njinga yonyamulira katundu yolembedwa dzina lake, ndipo kuti mumupeze muyenera kudikira milungu inayi.

Chigamba cha kuchipinda cha Fenna chokha ndi chimene sanachisalaze. Fenna anakana.

Chaka chitatha, phwando linachitikira kwa Harmen. Ine ndinathandiza kuika mipando mozungulira. Diederik analowa atanyamula maluwa, nayenda mpando ndi mpando mpaka anafika pa mwininyumba.

"Harmen, ndikuuze zoona," anatero akukanda mutu. "Kachipinda kanga kogwirira ntchito pamwamba paja intaneti imadukaduka. Ndayesa zonse. Akuti wodziwa makoma ndiwe."

Ndinaona nsagwada za Harmen zikulimba, ndipo ndinadziwa mawu amene anali kunsonga ya lilime, mawu amene anawasunga chaka chathunthu: ndi kanthu kakang'ono. Fenna ankamuyang'ana, foloko ili m'mwamba.

Harmen anatambasula dzanja.

"Ndibwera Lachiwiri," anatero. "Zabwino zonse ndi mwana wathu."

Fenna anadula keke, ndipo chidutswa choyamba anapatsa bambo ake.

Inu amene mukuwerenga, mwina nanunso mumadutsa panjinga pawindo la munthu wina, n'kumawerenga zimene ali nazo. Zimawawa, ndikudziwa. Koma nthawi imene mukuyang'ana nyumba ya mnzanu, yanu ikukudikirani, ndipo mwina njira imene mukuifuna munaimata nokha kalekale. Bwererani kwanu, gwadani, kankhani majekete, muyang'ane. Waya akakakamira pokhota, kankhaninso Loweruka linalo. Ndipo amene mukumumenyera nkhondoyo, mufunseni mmene wadzukira. Musataye mtima, khoma limene munamanga nokha mukhoza kuliswanso nokha.